Inshuwalansi ya pa ulendo ndi pakati: mafunso ndi mayankho kwa a ku Salima ndi Nkhotakota

Mafunso awa amabwera mobwerezabwereza kuchokera kwa anthu a kuno kunyanja amene analipira ulendo, kaya wa ku Joni, Dar es Salaam, Dubai kapena Umra, kaya wa masiku atatu pa loji ku Senga Bay, kenako n'kupezeka kuti amayi ali ndi pakati. Mayankhowa akutsata momwe makampani ambiri amachitira, koma mawu omaliza ali m'pepala la policy yanu, lomwe ndi mgwirizano wanu ndi kampani ya inshuwalansi. Muwerenge pepalalo muli nalo pafupi.

Inshuwalansi ya pa ulendo imalipira chiyani? Si chimodzimodzi ndi MASM?

N'zosiyana. MASM ndi masikimu ena a zachipatala amalipira dokotala ndi mankhwala, sabweza ndalama ya tikiti kapena dipoziti ya hotelo. Inshuwalansi ya pa ulendo imakhala ndi zigawo zingapo m'pepala limodzi. Chigawo china chimalipira chipatala mukadwala mwadzidzidzi muli kunja, ndi kukubwezani kumudzi ngati pafunika kutero. China chimabweza ndalama ulendo ukalephereka musananyamuke. China n'cha ulendo wodukira panjira, china cha katundu wotayika.

Si policy iliyonse ili ndi zigawo zonsezi. Yotchipa ija, imene anthu amagula mothamanga tsiku lokapereka mapepala a visa, nthawi zambiri imakhala ya chipatala chokha. Yang'anani pa mndandanda wa zimene amalipira. Ngati palibe mzere wolembedwa cancellation, kutanthauza kukansela ulendo, nkhani yobweza ndalama yathera pomwepo, kaya muli ndi pakati kaya mwathyoka mwendo.

Ndazindikira kuti ndili ndi pakati ulendo nditalipira kale. Andibwezera ndalama zanga?

Pa chifukwa cha pakati pokha, makampani ambiri sabweza. Kwa iwo pakati poyenda bwinobwino si matenda, ndipo mayi amene wangoona kuti mtima sukumulolanso kuyenda amamutenga ngati munthu wosintha maganizo. Chimodzimodzi ngati amene aletsa ulendo ndi amuna anu, amayi anu kapena apongozi. Akhoza kukhala kuti akunena zanzeru ndithu, koma kampani siimva za apongozi, imamva za dokotala.

Mpata wolandira ndalama umapezeka pawiri. Poyamba, pakati pakabwera ndi vuto ndipo dokotala n'kulemba kuti simuyenera kuyenda. Mavutowo tawatchula m'funso lotsatira. Kachiwiri, policy zina zimalipira ngati pakati padziwika mutagula kale inshuwalansi, ndipo masiku a ulendo akugwera pafupi ndi tsiku loyembekezera kuchira, pamene ndege siingakunyamuleninso. Mfundo yachiwiriyi si ya kampani iliyonse, muyenera kuiona yolembedwa ndi maso anu.

Ndondomeko yake musaisokoneze. Yambani mwaonana ndi dokotala, kenako imbirani a inshuwalansi, kenako kanselani ulendo. Mukakansela Lolemba n'kukaonekera kuchipatala Lachisanu, madeti a pa mapepala adzasonyeza kuti munali mutaganiza kale dokotala asananene kanthu.

Ndi mavuto ati a pakati amene amawavomereza?

Amene amapezeka kawirikawiri m'ma policy ndi awa: kukwera kwa BP kobwera ndi pakati, kuja kumatupitsa nkhope ndi manja n'kumapweteketsa mutu, kutaya magazi, mimba yokhala mu chubu kunja kwa chiberekero, nsengwa yokhala mmunsi kutseka njira ya mwana, kusanza kosalekeza kofika pogonekedwa pa dripu, kupita padera, nsupa kusweka kapena matenda kuyamba masiku asanakwane. Nseru ya m'mawa, kutopa, msana ndi mapazi otupa pang'ono madzulo amaziwerengera ngati mbali ya pakati pabwinobwino.

Malungo kapena kuchepa kwa magazi, zimene kuno sizisowa, ndi matenda paokha. Dokotala akalemba kuti simungayende nazo, claim, pempho lanu loti kampani ikulipireni, imayenda ngati ya munthu wina aliyense wodwala.

Pamene pamagwa mikangano ndi pa mbiri yakale. Ngati pa mimba yapita munavutika ndi BP, munachitidwa opaleshoni, kapena mwakhala mukumwa mankhwala a shuga, kampani ikhoza kunena kuti vutolo munali nalo kale musanagule inshuwalansi. Zoterezi zimalipiridwa pokhapokha munazitchula pogula ndipo iwo anavomera.

Ndinagula inshuwalansi ndisakudziwa, koma scan ikusonyeza kuti mimba inali italowa kale. Andikaniza?

Si kwenikweni. Kuchipatala amawerenga masabata kuyambira tsiku loyamba la kusamba kwanu komaliza, osati tsiku limene mimba inalowa, n'chifukwa chake pakati ponse amati ndi masabata 40. Scan ikati masabata 6, ndiye kuti mimba yalowa pafupifupi masabata 4 apitawo, nthawi imene amayi ambiri amakhala asanaganizire n'komwe. Chimene kampani imafufuza ndi tsiku limene inu munadziwa, kapena limene munali ndi chifukwa chokwanira chodziwira.

Mboni yanu ndi buku la kuchipatala. Tiyerekeze kuti munalipira tikiti ndi inshuwalansi pa 3 September, ndipo tsamba loyamba la sikelo lili ndi deti ya 24 September ndi chidindo cha chipatala. Pamenepo muli poyera. Koma ngati bukulo likusonyeza kuti munayezetsa mu August, kapena munagonekedwa chifukwa chotaya magazi sabata imodzi musanagule, palibe chonena. Palibe amene angakugulitseni inshuwalansi ya moto denga likufuka kale utsi.

Pa chifukwa chimenechi, tsiku labwino logulira inshuwalansi ndi lomwelo mwalipira dipoziti yoyamba. Anthu ambiri amadikira mpaka sabata yonyamuka, osadziwa kuti chigawo chobweza ndalama chimayamba kugwira ntchito pa tsiku logula, ndipo miyezi yonse imene akudikirayo amakhala opanda chowateteza.

Ndikudziwa kale kuti ndili ndi pakati. Ndiyenera kuwauza? Kwathu sitinena msanga.

N'zoona, kwathu kuno pakati sitilengeza, anthu amangoona okha chitenje chikayamba kukwera. Koma fomu ikafunsa, yankhani zoona. Mukabisa, kampani imalandira ndalama yanu mosavuta, n'kudzakana claim tsiku limene muli pa bedi kuchipatala cha kunja, chifukwa lipoti la dokotala lidzanena masabata ake. Ngati ejenti wa pa boma ndi mnansi wanu kapena mumapemphera naye limodzi, gulani kudzera pa imelo kapena ku ofesi ya ku Lilongwe. Makampani monga NICO General ndi Britam ali ndi maofesi kumeneko, ndipo mukhoza kufunsa musanatchule dzina.

Afunseni zinthu zitatu, ndipo ayankhe molemba: amateteza pakati mpaka sabata iti, akakhala mapasa malire ake ndi ati, ndiponso mwana akabadwira pa ulendo amamulipirira kapena ayi. Malire a masabata amasiyana kwambiri, ena amalekezera pa 26, ena amafika 32. Werengani masabatawo pa tsiku lobwerera, osati lonyamuka.

Ndege imalola mayi woyembekezera mpaka masabata angati?

Makampani ambiri amanyamula mpaka masabata 36 ngati mwana ndi mmodzi, ndi 32 ngati ndi mapasa. Kuyambira masabata 28 ambiri amafuna kalata ya dokotala yonena tsiku loyembekezera kuchira, kuti mwana ndi mmodzi kapena awiri, ndiponso kuti palibe vuto. Kalatayo izikhala yatsopano. Ena amafuna kuti dokotala adzaze fomu yawoyawo, ndiye funsani nthawi ilipo.

Kuchokera pa Kamuzu International Airport maulendo akutali amadutsira ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg, ndipo nthawi zina ndege yachiwiri imakhala ya kampani ina yokhala ndi malamulo ake. Lamulo lokhwima kwambiri pa onsewo ndi limene muyenera kutsata. Onaninso kuti malire a ndege ndi malire a inshuwalansi si amodzi: ndege ikhoza kukunyamulani pa masabata 33 pamene policy yanu inasiya kuteteza pakati pa 26.

Nthawi imene madokotala amati kuyenda kumapepuka ndi pakati pa masabata 14 ndi 28, nseru itachepa, mimba isanalemere. Pakati pamawonjezera chiopsezo cha magazi kuundana m'miyendo, makamaka pa ulendo wopitirira maola 4. Pemphani mpando wa m'mbali mwa kanjira, muziimirira pafupipafupi, muzimwa madzi, ndipo lamba azidutsa pansi pa mimba.

Andibweza pa eyapoti chifukwa ndinalibe kalata. Inshuwalansi ilipira tikiti?

Nthawi zambiri ayi. Lamulo la kalata linalipo musanafike pa kauntala, choncho amati vuto ndi lanu. Chimene mungachite n'kupempha a ndege pomwepo kuti akusunthireni tsiku, asanakulembeni kuti simunabwere.

Nanga ngati ndikupita pa basi ku Joni kapena kukaoda katundu ku Dar?

Inshuwalansi ya pa ulendo si ya okwera ndege okha. Chofunika n'chakuti mayiko onse amene mukudutsa akhale m'dera limene policy ikuteteza. Basi ya ku Joni imadutsa ku Tete ku Mozambique, n'kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, n'kukatulukira pa Beitbridge. Vuto likakupezani ku Tete, policy yolembedwa South Africa yokha siikuthandizani.

Ngati ndi ulendo wa geni, nenani kuti ndi wa geni. Policy ya tchuthi siiwerengera katundu wa malonda, ndipo ina imakana claim yonse ikazindikira kuti munapita kukaoda ku msika wa Kariakoo ku Dar. Kunena chilungamo, kwa mayi wa miyezi 7 basi imavuta kuposa ndege: usana ndi usiku muli chikhalire, miyendo ili pa zikwama, kenako kuima pa mzere pa boda dzuwa lili pamutu. Funsani a sikelo musanagule tikiti.

Kumene ndikupita akufuna katemera wa yellow fever, koma akuti woyembekezera sabayidwa. Ndipange bwanji?

Katemerayu ndi wa kachilombo kamoyo kofooketsedwa, n'chifukwa chake madokotala amapewa kubaya woyembekezera pokhapokha ulendo uli wosapeweka ndipo chiopsezo chili chachikulu. Kenya, Uganda ndi Ethiopia ali m'gulu la mayiko amene matendawa amapezeka, ndipo mayiko ambiri, kuphatikizapo South Africa, amafuna khadi lachikasu losonyeza kuti anabayitsa kwa munthu wochokera kumeneko, ngakhale amene wangodikira ndege pa eyapoti kupitirira maola 12.

Ngati munabayitsa kale, fufuzani khadi lanu. Kuyambira 2016 katemera mmodzi amawerengedwa wa moyo wonse. Ngati simunabayitsepo, dokotala akhoza kulemba kalata yokupatulani, ngakhale kuti kuilandira kuli m'manja mwa a pa boda a dzikolo. Kulephera kubayitsa pakokha sikupangitsa makampani ambiri kubweza ndalama. Chimene chingathandize ndi kalata ya dokotala yoletsa ulendo, ngati mmene tanenera pa funso lachiwiri.

Tinalipira dipoziti pa loji ku Senga Bay ndipo tilibe inshuwalansi. Ndalama yapita?

Funso ili ndi limene limabwera kwambiri, chifukwa ndi ochepa amene amagula inshuwalansi pa ulendo wa m'dziko momwemuno. Apa nkhani ili pakati pa inu ndi eni loji, ndipo poyambira ndi invoice kapena uthenga umene anakutumizirani pobukitsa. Malamulo okansela amakhala mmunsi m'zilembo zing'onozing'ono. Kawirikawiri mukanena msanga mumabwezeredwa zambiri, mukanena kwatsala masiku ochepa mumataya zonse.

Musayambe ndi mawu akuti "ndibwezereni". Manijala amene walipira kale antchito ndi ndalama yanu savomera msanga kuitulutsa, koma savutika kwenikweni kukusunthirani masiku. Pemphani kuti bukingi iime mpaka mutachira, kapena kuti mchemwali wanu ndi amuna ake apite m'malo mwanu, akubwezereni inu ndalama kumbali. Ngati masiku anu ndi a Khrisimasi, Isitala kapena a Tsiku la Anakubala pa 15 October, pamene magalimoto a ku Lilongwe amadzaza msewu wa M14, chipindacho chipeza munthu wina mosavuta, ndipo mukhoza kupangana kuti chikagulidwa akubwezereni. Zonse zikhale pa WhatsApp kapena imelo, osati pa foni pokha, ndipo musafufute uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba wosonyeza kuti munalipira.

Ganiziraninso ngati kukansela kukufunikadi. Senga Bay ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20 kuchokera pa boma la Salima pamene pali chipatala chachikulu, ndipo msewu ndi wa tala. N'zosiyana ndi kukwera Ilala kupita ku Likoma nthawi ya mwera, kapena kukagona m'kati mwa nkhalango ya Nkhotakota nthawi ya dzinja, kumene galimoto limagwedeza munthu mpaka m'chiuno ndipo chipatala cha boma kapena St Anne's chili patali. Maloji ena akhoza kuvomera kuti mugone koma musiye zokwera boti ndi zoyenda m'tchire.

Mlamu wanga wa ku UK ali ndi pakati ndipo amafuna kudzacheza kuno. Dokotala wake akuti asabwere chifukwa cha malungo. Inshuwalansi yake imubwezera?

Dokotalayo sakukokomeza. Salima ndi Nkhotakota ndi maboma a malungo ambiri, ndipo malungo a woyembekezera amabweretsa kuchepa kwa magazi, kupita padera ndi mwana wobadwa wochepa thupi. Munthu amene wakhala zaka kunja chitetezo chake cha malungo chimatsika, ngakhale anabadwira ku Linga n'kukulira pa gombe. Mankhwala ena oteteza apaulendo, monga doxycycline, sapatsidwa kwa woyembekezera. Fansidar amene amayi amalandira ku sikelo kuno ndi dongosolo la okhala konkuno, musamuuze mlamu wanu kuti adzangomwa ameneyo akafika.

Za ndalama, zikudalira madeti. Ngati anagula tikiti ndi inshuwalansi asanadziwe za pakati, ndipo dokotala walemba kuti asayende, policy zina zimabweza. Ngati anabukitsa akudziwa kale, zimavuta, chifukwa malungo a ku Malawi si nkhani yadzidzidzi. Ndipo akaumirira kubwera dokotala ataletsa, akhoza kutaya ngakhale chitetezo cha chipatala, popeza pafupifupi policy iliyonse imakana munthu woyenda mosemphana ndi malangizo a dokotala.

Mkazi wanga ndi amene ali ndi vuto. Ine ndi ana atibwezeranso?

Ngati nonse mwalembedwa pa policy imodzi ndipo claim ya amayi yavomerezedwa, nthawi zambiri gawo la aliyense limabwezedwa. Ngati inu abambo mumayenda nokha ndipo mwatsala kuti musamalire akazi anu amene agonekedwa, yang'anani mfundo ya kudwala kwa wachibale, ndiponso mmene afotokozera kuti wachibale ndani.

Ukwati wa chinkhoswe ndi wovomerezeka pa lamulo la maukwati la 2015, koma wogwira claim akhoza kupempha umboni. Kalata ya ku mpingo, ya ku mzikiti, ya kwa amfumu kapena ya kwa DC ikhale pafupi. Pa maulendo a gulu, monga a kwaya kapena a Umra, munthu mmodzi akatsala sizipereka chifukwa choti anzake abwezeredwe.

Ndi mapepala ati amene amafuna pa claim?

Fomu yawo ya claim, policy, malisiti a zonse zimene munalipira, ndi kalata yochokera ku ndege kapena hotelo yonena kuti mwakansela ndipo abweza zingati. Kalata yomalizayi anthu amaiwala, koma popanda iyo kampani siidziwa kuti mwataya zingati.

Pepala lolemera kuposa onse ndi la kuchipatala. Litchule vuto lenileni, tsiku limene linapezeka, tsiku limene pakati panadziwika, tsiku loyembekezera kuchira, ndi mawu omveka akuti simuyenera kuyenda pa masiku akutiakuti. Kalata yongoti "mayiyu ndi woyembekezera" siithandiza. Kuno ambiri timaonedwa ndi azamba, anamwino kapena clinical officer, pamene policy zina zimafuna siginecha ya dokotala. Funsani a inshuwalansi ngati alandira ya clinical officer. Akakana, pitani ku chipatala cha boma mukapemphe kuti dokotala asayine, pakhale chidindo ndi nambala yake ya ku Medical Council of Malawi. Jambulani masamba a buku la sikelo, buku lenilenilo musalipereke, mukulifunabe. Policy imakhalanso ndi malire a masiku operekera claim, choncho musadikire mpaka mwana atatuluka m'chikuta.

Akavomera, andipatsa ndalama zonse?

Ayi. Amabweza zokhazo zimene simungazipeze kwina, ndiye amayamba achotsa zimene ndege kapena hotelo yabweza. Ngakhale pa tikiti yosabwezedwa, misonkho ina ya pa eyapoti imatha kubwezedwa mukapempha. Kenako amachotsa excess, ndalama ija imene inu mumasenza nokha pa claim iliyonse monga zimakhalira pa inshuwalansi ya galimoto, ndipo sapitirira malire olembedwa pa policy. Ndalama yogulira inshuwalansiyo siibwerera, ndipo ya visa kawirikawiri siibwereranso.

Funsaninso kuti adzalipira mu ndalama iti ndi pa mtengo wa tsiku liti. Matikiti a ndege amawerengedwa mu madola. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndalama imene inagula tikiti mu October sinakanagulanso tikiti yomweyo mu December. Pa chifukwa chimenechi, ngati ulendo mukuufunabe mutachira, kusuntha deti ya tikiti kumaposa kulandira makwacha.

Inshuwalansi ya visa ya Schengen, yolowera mayiko ambiri a ku Ulaya, siikwanira?

Imakwanira pa visa basi. Lamulo limafuna chitetezo cha chipatala ndi kubwezedwa kumudzi chosachepera mayuro 30,000. Silinena kanthu za kukansela ulendo, ndipo silikakamiza kampani kulipira kubereka. Onani funso loyamba ndi lachisanu.

Mwana akabadwira kunja masiku asanakwane, ndani alipira?

Apa ndi pamene pali ndalama zoopsa, kuposa za tikiti ndi hotelo. Policy ikhoza kulipira mayi chifukwa kubereka msanga ndi vuto la pakati, koma n'kukana mwana chifukwa dzina lake silili pa policy. Mwana wobadwa pa masabata 29 amakhala masabata angapo m'chipinda cha ana osakhwima, ndipo m'chipatala cholipira ku Johannesburg kapena Dubai bilu yake imawerengedwa pa tsiku. Onjezanipo malo ogona a mayi, chakudya, visa imene ikutha, ndi tikiti yatsopano. Amalawi amaloledwa masiku 30 okha ku South Africa popanda visa.

Kubadwira ku South Africa sikupatsa mwana unzika wa kumeneko ngati makolo ndi alendo. Mudzafunika kalata yobadwira, kenako chikalata choyendera kuchokera ku ofesi ya kazembe wa Malawi, mwana asanakwere ndege. Kupita dala kukachirira kunja palibe inshuwalansi ya pa ulendo imene imalipira. Ngati zadzidzidzi zachitika, woperekeza aimbe nambala ya thandizo imene ili pa policy tsiku lomwelo, chifukwa makampani amafuna kuvomereza chithandizo chodula chisanayambe.

Akana claim yanga. Ndikadandaule kuti?

Pemphani kuti akulembereni chifukwa chokanira, atchule nambala ya mfundo imene akudalira. Yerekezani ndi pepala lanu, makamaka madeti, chifukwa claim zina zimakanidwa kamba ka kalata ya dokotala yosamveka, ndipo kalata yachiwiri yolongosoka imasintha zinthu. Kenako lembani dandaulo kwa akuluakulu a kampaniyo, musunge kope ndi deti.

Zikakanika, makampani a inshuwalansi m'Malawi amayang'aniridwa ndi Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank of Malawi, ndipo ofesiyi imalandira madandaulo a makasitomala. Ngati mkangano uli ndi loji, ejenti wa matikiti kapena kampani ya basi, dandaulo lipite ku Competition and Fair Trading Commission. Policy imene munagula pa intaneti ku kampani ya kunja ili pansi pa malamulo a dziko la kampaniyo, ndipo adiresi yokadandaulira imakhala pa masamba omalizira a policy.